Kukweza, Kutsitsa ndi Kupendeketsa Ma Pickup pa Gitala ya Magetsi

Gitala ya magetsi ikamalira mosakoma, ambiri timayamba kukayikira nsambo, kenako ampulifaya, pamapeto pake n'kumaganiza zogula pickup yatsopano, kachipangizo ka pansi pa nsambo komwe kamatola kulira kwake. Komatu m'mbali mwa ma pickup ambiri muli tima screw tiwiri tomwe timasintha kaliridwe ka gitala kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo kutizungulitsa sikulira ngakhale tambala. Ntchito yake ndi kuyandikizitsa pickup ku nsambo kapena kuitalikitsa. Ambiri amene atulukira tima screw timeneti amangochita chinthu chimodzi, kukweza pickup mpaka itatsala pang'ono kukhudza nsambo, poganiza kuti kuyandikira ndiye kulira bwino. Phokoso limachulukadi, koma kukoma kumathawa.

Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, ndipo pa gitala ya mtundu wa Stratocaster wayayu amazungulira pafupifupi ka 8,000. Nsambo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, mu waya mumapangika kamphamvu ka magetsi komwe ampulifaya imakakulitsa. Nsambo ikayandikira, kamphamvuko kamakula. Mpaka apa wokweza uja sanalakwe. Chimene waiwala n'chakuti maginito amakoka chitsulo, ndipo nsambo ndi chitsulo. Pickup ikakwera mopitirira, nsambo siinjenjemeranso momasuka. Noti imafa msanga, imamveka ngati ziwiri zikulimbana, ndipo muvi wa tuner, kachipangizo kotchunira gitala, umangoyendayenda osakhazikika. Vutoli limaonekera kwambiri pa nsambo yonenepa ya E mukaikanikiza kuyambira pa fret 12 kupita m'mwamba (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pa neck, khosi la gitala), chifukwa pamenepo mwaitsitsira pafupi ndi pickup ya ku neck.

Stratocaster, yomwe a kampani ya Fender anaitulutsa mu 1954, ndiyo imatchuka ndi vutoli mpaka okonza magitala analipatsa dzina loti Stratitis. Tizitsulo tisanu ndi kamodzi tomwe mumationa pamwamba pa pickup yake, tomwe amati ma pole, ndi maginito enieni a alnico. Ma pickup alipo atatu, ndiye kuti pansi pa nsambo pali maginito 18. Onsewo amakoka nthawi zonse, ngakhale switch yosankhira ma pickup muiike pa pickup ya ku bridge yokha (bridge ndi chitsulo chomwe nsambo zimatsamirapo pa thupi la gitala). Switch imadula mawu, siidula mphamvu ya maginito. Humbucker, pickup ya makoyilo awiri a waya yomwe Seth Lover anaipanga ku kampani ya Gibson mu 1955 n'kuyamba kuikidwa pa gitala ya Les Paul mu 1957, ndi yosiyana. Maginito ake ali pansi, ndipo ma pole ndi zitsulo chabe zobweretsa mphamvuyo pamwamba. Imakoka mofatsa, n'chifukwa chake imalola kuiyandikizitsa pang'ono kuposa single coil, pickup ya koyilo imodzi ngati ya Stratocaster.

Musanagwire screwdriver

Kutalika kwa pickup timakuyeza kuchokera pa nsambo, choncho nsambozo ziyambe zakhala m'malo mwake. Ngati zatha, sinthani kaye. Ngati neck ikufunika kuwongola ndi truss rod (chitsulo cha mkati mwa neck), kapena mukufuna kutsitsa nsambo pa bridge kuti zisamapweteke zala, malizani zimenezo. Mukayamba ndi ma pickup kenako n'kudzatsitsa bridge, muyezo wonse umene munavutikira wapita pachabe. Intonation yokha, kutanthauza kukonza pa bridge kuti noti za pa ma fret zizilira molondola, ndiyo muisungire kumapeto.

Zida zake n'zochepa: screwdriver yaing'ono ya star yokwana bwino m'mutu wa screw, ina ya flat ngati muli ndi humbucker, tuner, pepala ndi cholembera, komanso rula yachitsulo yomwe mamilimita ake amayambira kunsonga kwenikweni. Rula yapulasitiki ya ana asukulu ili ndi kampata musanafike pa 0, ndiye ikunamizani. Rula yachitsulo ikasowa, gwiritsani ntchito ma Allen key a 1.5, 2 ndi 2.5 mm. Mumangoilowetsa pakati pa pole ndi nsambo, ndipo yomwe yalowa mongokhudza mbali zonse ziwiri ndiyo yakuuzani kukula kwa mpatawo.

Gonekani gitala pa tebulo loyalapo nsalu, ndipo pozungulitsa screw gwirani nsonga ya screwdriver ndi zala za dzanja linalo. Maginito amaikoka, ndipo ikaterereka imasiya mzere pa penti umene simudzaufafanizanso.

Yambani mwayeza mmene zilili

Tchunani gitala. Kanikizani nsambo yonenepa ya E pa fret yomaliza, kaya ndi ya 21, 22 kapena 24. Muli chikanikizire choncho, yezani kuchokera pamwamba pa pole mpaka pansi pa nsambo. Chitani chimodzimodzi ndi nsambo yowonda ya E. Pickup iliyonse ikupatsani manambala awiri, ndipo onse muwalembe musanasinthe chilichonse. Ichi n'chimene ambiri amadumpha, kenako pakati pa ntchito n'kuyamba kudandaula kuti poyamba paja inkalira bwino, koma alibe njira yobwerera.

Kukanikiza pa fret yomaliza si mwambo chabe. Pamenepo m'pamene nsambo imatsika kwambiri pa kuimba konse. Mukayeza nsambo ili yosakanikiza, mpata uoneka waukulu, mukweza pickup, ndipo tsiku lomwe mudzakwere kumapeto kwa neck nsambo idzagunda pa pole.

Dziwaninso mmene screw yanu imayendera, pakuti si zonse zofanana. Ngati pickup ikulendewera pa pickguard (pulasitiki yophimba pamwamba pa gitala), monga pa Stratocaster, kapena pa kafelemu kapulasitiki kozungulira humbucker, kumanga screw kumaikweza, kumasula kumaitsitsa. Ngati screw yalowa mwachindunji m'thabwa la gitala, monga pa P-90 ya soapbar (single coil ya Gibson yooneka ngati sopo), pa ma bass ambiri, kapena pa pickup ya ku neck ya Telecaster (gitala ina ya Fender) yamakedzana, ndiye zatembenuka: kumanga kumaitsitsa, kumasula kumalola siponji kapena sipiling'i yomwe ili pansi kuti iikankhire m'mwamba. Pa Telecaster yotereyi muyenera kuchotsa kaye pickguard kuti muwaone ma screw. P-90 ya dogear, ya timakutu m'mbali, yokha ilibe screw yokwezera, imafuna kuika kachidutswa kapulasitiki pansi pake.

Manambala oyambira

Fender amapereka miyezo yake m'mainchi, koma m'mamilimita ili motere. Single coil wamba, mbali ya nsambo zonenepa 2 mm, mbali ya zowonda 1.6 mm. Ya mtundu wa vintage, 2.4 ndi 2. Texas Special, yomwe ndi yamphamvu, 3.2 ndi 2.4. Humbucker, 1.6 mbali zonse. Pa Les Paul ndi magitala ofanana nayo okonza ambiri amayambira pa 1.6 mm ku bridge ndi 2.4 mm ku neck. Ma pickup a batire monga EMG ali ndi maginito ofooka, ndiye mukhoza kuwayandikizitsa kwambiri bola nsambo isagunde.

Ngati gitala yanu ndi yongotengera maonekedwe a Stratocaster ndipo simukudziwa kuti muli pickup yanji, yambirani pa 2.4 ndi 2. Ine ndimakonda kuyambira pansi n'kumakwera, chifukwa khutu limazindikira msanga pamene mawu ayamba kudzaza kusiyana ndi pamene ayamba kuonongeka.

Screw ya Fender ya ku America ili ndi mazinga 32 pa inchi imodzi, ndiye kuizungulitsa kamodzi kathunthu kumasuntha pickup ndi pafupifupi 0.8 mm. Pa humbucker ya Gibson ndi pa magitala ambiri opangidwa ku Asia ndi pafupifupi theka la milimita. Poona kuti miyezo yonse ija ikusiyana ndi milimita imodzi kapena iwiri, mutha kuona kuti kuzungulitsa kawiri n'kusintha kwakukulu. Yendani ndi theka kapena kota, ndipo muziwerenga.

Tsopano khutu

Rula yakufikitsani pakhomo, kolowa n'kwa khutu. Lumikizani gitala ku ampulifaya yomwe mumaimbira, mawu akhale oyera, zosintha mawu monga distortion, compressor ndi reverb zonse zozimitsa. Distortion ndi compressor zimafananiza noti yofooka ndi yamphamvu, ndiye zikubisirani chimene mukufuna kumva. Volume ndi tone za pa gitala zikhale pa 10, ampulifaya pamlingo womwe mumaimbira pagulu ngati malo akulola.

Yambani ndi pickup ya ku bridge. Pafupi ndi bridge nsambo imanjenjemera pang'ono, choncho pickup imeneyi ndiyo yofooka mwachibadwa ndipo ndiyo ikhale muyezo wa zinzake. Lizani nsambo imodzi imodzi ndi mphamvu yofanana, kenako chord yonse. Ngati mawu ndi opyapyala, opanda mnofu, kwezani theka mbali zonse. Ngati pick (kolizira nsambo) ikangokhudza nsambo mawu akubaya m'makutu, kapena ampulifaya ikuyamba kusweka mawu pomwe simunaimenye mwamphamvu, tsitsani. Pali malo ena ake pakatipo pomwe noti imatuluka yonenepa koma n'kumatalikabe. Mukawapeza mudzawadziwa, ndipo nthawi zambiri amakhala m'munsi mwa pomwe munkayembekezera.

Pitani ku ya ku neck. Lizani chord yomweyo n'kumasuntha switch uku ndi uku. Kawirikawiri ya ku neck imaposa inzake, chifukwa pamalo pake nsambo imagwedezeka kwambiri. Musakweze ya ku bridge kuti iipeze, tsitsani ya ku neck mpaka zifanane. Ena amakonda kuti ya ku bridge ipose pang'ono kuti lead ikalowa imveke pamwamba pa gulu, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Mukadali pa ya ku neck, yesani chija ndinanena poyamba. Kanikizani E yonenepa pa fret 12, kenako 15, kenako 17, ndipo noti iliyonse muilole ilire mpaka ithe yokha. Noti yabwino imayenda mowongoka n'kumazilala pang'onopang'ono. Yokokedwa ndi maginito imachita wuwuwu, ngati munthu akuigwedeza, ndipo tuner imalephera kunena kuti ndi noti yanji. Mukamva zimenezi tsitsani mbali ya nsambo zonenepa ndi theka, yesaninso. Zikapitirira, tsitsaninso ya pakati mbali yomweyo, paja nayo ikukoka. Musaope kuona pickup yatsika mpaka kufanana ndi pickguard. Ma Stratocaster ambiri olira bwino ali choncho mbali imeneyo. Phokoso limene mwataya mulibwezera pa ampulifaya, koma noti yomwe maginito aipha palibe batani loidzutsa.

Ya pakati ndi ya inu amene muli ndi ma pickup atatu. Switch ya malo asanu, yomwe Fender anayamba kuika pa Stratocaster mu 1977, imaphatikiza ya pakati ndi inzake pa malo achiwiri ndi achinayi, ndipo kaliridwe kowala kaja kamadalira mmene ziwirizo zikufananira mphamvu. Ikani switch pamenepo, sunthani ya pakati kota kota, mudzamva mawu akusintha mtundu. Ngati pick yanu imagundagunda pa pickup imeneyi, itsitseni ndithu. Dzanja lomasuka limapindula kuposa kamphamvu kochepa komwe mungataye.

Kupendeka

Pickup imapendeka m'njira zitatu, ndipo anthu amazisokoneza.

Koyamba ndi kupendeka kwa mbali ndi mbali, komwe mwakuona kale m'manambala aja. Mbali ya nsambo zonenepa imakhala m'munsi chifukwa nsambozo zili ndi chitsulo chambiri ndipo zimagwedezeka patali. Pickup ikakhala yowongoka, E ndi A zimameza zinzake. Apa m'pamene kaimbidwe kanu kamalamula. Woimba lead yoyera ya rhumba kapena sungura, amene zala zake zimakhalira pa nsambo zitatu zowonda kumtunda kwa neck, amafuna kuti noti iliyonse imveke payokha popanda kulasa. Iyeyu atsitse mbali yonenepa momasuka, ndipo mbali yowonda ya pickup ya ku bridge asaikweze mpaka pamapeto, pakuti kubaya kumachokera pamenepo. Woimba rhythm m'tchalitchi, pomwe pali kale bass ndi kiyibodi, nayenso amapindula akachepetsa mbali yonenepa, chifukwa gitala imasiya kulimbana ndi zida zinzake pa mawu a pansi. Njira yoyesera ndi yosavuta: lizani E yonenepa ndi E yowonda motsatizana, maso otseka, n'kusuntha screw ya mbali imodzi yokha mpaka pasakhale yopondereza inzake.

Kachiwiri ndi kupendeka kwa kutsogolo ndi kumbuyo, komwe kumavuta pa humbucker. Yang'anani gitala cham'mbali, diso lifanane ndi nsambo. Pamwamba pa pickup payenera kuyenda mofanana ndi nsambo. Pa Les Paul neck inalumikizidwa mopendeka, n'chifukwa chake mafelemu a ma pickup ake mbali ina ndi yaitali ina yaifupi, ndipo felemu la ku bridge ndi lalitali kuposa la ku neck. Mbali yaitali imaloza ku bridge. Pa gitala yogula kwa munthu si zachilendo kupeza felemu litaikidwa chotembenuza, ndiye liyang'aneni. Komanso humbucker ya ma screw awiri imatha kugwadira kutsogolo kapena kumbuyo, makamaka waya wake akamaikoka mkati. Zikatero koyilo imodzi imayandikira nsambo kuposa inzake ndipo mawu amasintha. Masulani nsambo, chotsani ma screw anayi a m'ngodya za felemu, tukulani pickup mosamala osakoka waya, ndipo ikani kachidutswa ka siponji yolimba pansi pa mbali yomwe yatsika. Humbucker ya ma screw atatu kapena anayi, komanso pickup ya ku bridge ya Telecaster yomwe ili ndi atatu, siifuna siponji. Mumaiwongola ndi ma screw omwewo.

Kachitatu ndi kupingasa kwa pickup ya ku bridge pa Stratocaster ndi Telecaster, komwe mbali ya nsambo zowonda ili pafupi ndi bridge. Kumeneku sikusinthika ndi screwdriver ndipo si vuto, anapanga dala kuti nsambo zowonda ziwale pomwe zonenepa zikusunga kulemera kwake. Jimi Hendrix, yemwe ankaimba ndi dzanja lamanzere pa Stratocaster ya dzanja lamanja yoitembenuza n'kusinthanitsa nsambo, anali ndi kupingasaku chozondoka. Wofuna kuyesa zimenezo ayenera kugula pickguard yobooledwa motero.

Nsambo imodzi ikamaposa zinzake

Nthawi zina mbali zonse zafanana koma G ikufuula, kapena D ikumveka patali. D ndi yokulungidwa ndipo kawaya kake ka mkati n'kowonda, pomwe G ya masiku ano ndi chitsulo chokhachokha chonenepa. Pa humbucker mankhwala alipo. Mzere umodzi wa ma pole ndi ma screw a flat. Masulani ya D pang'ono kuti ikwere, mangani ya G kuti itsike, kota nthawi iliyonse. Poyambira pabwino ndi kuwasanja motsata kukhota kwa nsambo, a pakati okwerako, a m'mbali otsikako, kenako n'kutsitsa G. Ngati humbucker ya ku neck ikumveka yamatope, tsitsani pickup yonse n'kukweza ma screw asanu ndi imodziwo pang'ono. Nthawi zambiri mawu amayera.

Pa single coil ya Fender musachite zimenezi. Mukaona ma pole osiyana kutalika, a D ndi G okwera, a B otsika, si kuti anasuntha. Anawapanga choncho m'zaka za m'ma 1950 pamene G inali nsambo yokulungidwa ndipo inkafuna thandizo. Pa ma pickup a mtundu umenewu waya anakulungidwa pa maginito penipeni, ndiye mukakhoma kapena kukankha pole mutha kudula wayayo mkati, pickup n'kuferatu. G ikamakusowetsani mtendere, tsitsani pickup yonse pang'ono, kusiyanako kumachepa mpata ukakula.

Zimene zingakugwereni

Mukamasula mopitirira, screw imatuluka m'mwendo wa pickup, pickup n'kugwera mkati limodzi ndi sipiling'i yake. Palibe chaonongeka, koma muyenera kumasula nsambo n'kutsegula pickguard kapena felemu kuti muibwezeretse. Mukamva screw yayamba kupepuka, imani.

Mukamamasula koma mutu wa screw ukukwera pickup osasuntha, ndiye kuti kapaipi ka labala komwe kamagwira ntchito ya sipiling'i kauma, kapena siponji ya pansi yaphwa. Ikani yatsopano. Screw yadzimbiri chifukwa cha thukuta ndi chinyezi musaikakamize, mungaphwanye mutu wake. Donthezani kadontho kamodzi ka oyilo pa mazinga, osati pa koyilo, dikirani, kenako yesani ndi screwdriver yokwana bwino uku mukukanikiza. Pofuna screw ina tengani yakaleyo kuti mukafananize, chifukwa mazinga a mainchi a ku America ndi a mamilimita a ku Asia salowana, ndipo kukakamiza kumaononga bowo la pickup.

Tizidutswa tachitsulo timakonda kumamatira pa ma pole, makamaka ngati wina anapukuta ma fret ndi steel wool osaphimba ma pickup. Tichotseni ndi selotepi, osati ndi chala kapena burashi, kuopa kutikankhira mkati.

Mukakhutira, imbani nyimbo yathunthu mwamphamvu mmene mumachitira pagulu, kokaninso nsambo pa ma fret omaliza kuti mutsimikize kuti palibe pogunda. Kenako onani intonation pa fret 12 nsambo iliyonse, makamaka ngati mwatsitsa ma pickup kwambiri, pakuti mwina inakonzedwa pamene maginito ankanamiza tuner. Yezaninso mipata yonse, lembani manambala atsopanowo pansi pa akale aja pamodzi ndi kukula kwa nsambo zomwe mwaika, ndipo pepalalo mulisunge m'chikwama cha gitala. Mukadzasintha kukula kwa nsambo, monga kuchoka pa .009 kupita pa .010, kapena mukadzakhudzanso bridge, mudzayenera kuyezanso.